Mizere ya makala pakhonde la a Beniasi

Loweruka lapitali tinakumana kwa apongozi kukonzekera chiliza cha a Beniasi, poti chaka chakwana chimwalirireni. Amuna tinagawana ntchito. Ena anapita kumanda ndi simenti, ine anandipatsa ndowa ya laimu kuti alendo asadzapeze nyumba ikuoneka ngati eni ake anasamuka. Ndinapaka kuseri, ndinapaka m'mbali, koma nditangofika pakhonde ndi burashi yanga, apongozi anga aakazi, mayi Esinala, anatuluka ndi mthiko m'manja.

"Pamenepo ayi, bambo a Chisomo. Pakani pena paliponse, ngakhale nkhukuzo zipakeni, koma khoma ilo lisiyeni."

Khoma limenelo ladzaza ndi timizere ta makala, tondondozana m'mizere yopingasa kuyambira kumutu mpaka m'mawondo. Mlendo angaganize kuti ana ankasewererapo. Ndinatula ndowa, ndipo m'malo mogwira ntchito ndinayamba kuseka ndekha, chifukwa mwini wake wa mizereyo ndinamukumbukira ngati wangolowa m'nyumba kukatenga supuni.

A Beniasi anali bambo ake a mkazi wanga Felesiya. Anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina ya tiyi. Anayamba ndi kuthyola masamba, dengu kumsana, kenako anawaika kutsuka makapu m'chipinda cholawiramo tiyi ku fakitale. Ankasimba kuti tsiku lina, asanatsuke, analawa chotsalira m'kapu ina n'kudzilankhulira okha kuti tiyi ameneyo anapsa pomuumitsa. Mkulu wa chipindacho anamva, anawaikira makapu asanu kuti asankhe wopsayo, ndipo anasankha osaphonya. Kuyambira pamenepo otsuka makapu anakhala ena, iwo n'kumangolawa ndi kulavula. Nkhaniyi ankaisimba kawirikawiri, ndipo chaka chilichonse makapu aja ankawonjezeka. Pomwalira anali atafika khumi ndi awiri.

Ntchito anapuma, koma lilime lawo silinalandire kalata yopumira. M'mawa uliwonse ankakhala pampando wawo wansungwi pakhonde, nkhope kuloza kuphiri. Kapu ikabwera sankamwa ngati anthu ena. Ankatunga ndi supuni, n'kukoka ndi phokoso loti nkhuku zinkadzutsa mitu, n'kuyendetsa tiyiyo m'kamwa monse maso ali otsinzina, kenako n'kulavulira pamaluwa a m'mbali mwa khonde. Ndiyeno chigamulo chinkatuluka. Madzi awira kawiri. Nkhuni zinali zaziwisi. Ketulo sinatsukidwe dzulo. Masamba anagona pafupi ndi sopo. Choipa chake n'chakuti sankanama. Mawu akuti tiyi ali bwino sankatuluka m'kamwa mwawo. Wophika akayesetsa kwambiri ankangomva kuti, "Akumweka," ndipo wouzidwa choncho ankayenda tsiku lonse mapewa ali m'mwamba.

Ine ndinabwera m'mudzimo ngati mkamwini, ndipo ndinasunga mwambo. Sindinkadya nawo mbale imodzi, sindinkawayang'ana m'maso. Tikamacheza, iwo ankakhala kumapeto kwa khonde, ine kumapeto ena, tonse tikuyang'ana phiri ngati ndilo likutifunsa mafunso. Tsiku lina Felesiya atadwala mutu ndinawiritsa tiyi ndekha n'kumutumiza ndi kapu ya bambo ake. Anabwerera akuseka mutu uli m'manja. Anati bambo ake akuti ndine munthu wabwino, koma ketulo ndizisiyira ena.

A Beniasi nawonso anali mkamwini, ndipo mayi Esinala sankawalola kuiwala. Akakangana ankawakumbutsa kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. A Beniasi ankayankha kuti mlamba uwu wakhala zaka makumi asanu m'dziwe limodzi, kuterera kunatha kalekale, kwatsala minga yokha. Mkangano wawo waukulu unali wa zinanazi. Mayi Esinala ali ndi munda wa zinanazi ndipo ankagulitsa kumsika wa ku Chinakanaka. A Beniasi ankazikonda moti ankatha chinanazi chonse okha atakhala pansi, madzi akutsikira m'zigongono. Pakapita masiku awiri, kachilonda kankatuluka mkati mwa tsaya kapena kuseri kwa mlomo, kozungulira, koyera pakati, kofiira m'mphepete, kochepa ngati njere ya mapira koma kowawa ngati munthu waponda khala. Pamenepo mlandu unkayamba. Iwo ankati zinanazi za akazi awo zili ndi mtima wa mwini munda. Mayi Esinala ankati munthu wodya akulankhula, n'kumadziluma tsaya ngati nyama ya paukwati, asanamizire mbewu za eni.

Mankhwala awo a nthawi imeneyo anali oopsa kuposa matenda. Munthu wa tiyi amakhulupirira tiyi. Ankawiritsa wakuda bii, wopanda shuga, n'kumusunga m'kamwa ali wotentha, misozi ikuyenderera. Zikakanika ankatenga mchere wamiyala n'kukanikiza pachilonda penipeni. Ankati mankhwala osawawa ndi madzi chabe. Kachilondako kankapola kokha pakatha sabata ndi theka, monga momwe kakanapolera ngakhale akanakasiya, koma ulemu wonse unkapita kwa tiyi.

Ndiye kunabwera chaka chija chimene a Beniasi anasanduka munthu waulemu. Inali nyengo ya chiperoni, phiri litabisala masiku ambiri. Kapu ikabwera ankailandira ndi manja awiri n'kunena kuti zikomo. Phokoso la supuni linatha. Zinanazi ankangozidutsa. Chakudya ankadya pang'ono, atatembenukira kukhoma, ndipo nthabwala zawo zinafupika mpaka zinasowa. Ife tinkati mwina ukalamba wawafewetsa mtima, ndipo ine, ndisaname, ndinakondwa pang'ono. Mayi Esinala okha ndi amene sanakondwe. Anaona kuti m'munsi mwa maluwa aja munkanyowa ndi tiyi wochuluka, osati wa supuni imodzi.

M'mawa wina dzuwa litatuluka, ine ndili kumapeto kwanga kwa khonde ndikunola khasu, mayi Esinala anabweretsa kapu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti madzi ake anawiritsira dala mumphika umene unagona ndi matemba. Fungo lake ndinalimva ine amene ndinali patali. A Beniasi anagunditsa kapuyo pamlomo, n'kumeza kadontho atapendeketsa mutu.

"Ali bwino tiyiyu, amayi ake Felesiya. Zikomo."

Mayi Esinala anawalanda kapuyo n'kuiika pansi.

"Bambo ake Felesiya, tsegulani pakamwa."

"Ndatsegula kale, si ndalankhula?"

"Zaka makumi asanu simunandiyamikirepo tiyi. Lero mukuyamikira wa matemba. Tsegulani pakamwa."

A Beniasi anayang'ana phiri, kenako anayang'ana kumene kunali ine. Ndinayamba kunyamuka kuti ndiwapatse mpata, koma apongozi aakazi anandiletsa. Maso awo anali atayamba kale kuchita chifunga, ndipo Felesiya anali atapita kumsika wa ku Nkando ndi nandolo.

"Bambo a Chisomo, bwerani muone ndinu. Ine sindiona bwino."

"Amayi, zimenezo n'zosatheka. Ine ndisuzumire m'kamwa mwa apongozi?"

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bwerani."

Sindidziwa amene anachita manyazi kwambiri pakati pa awirife. Ndinagwada patsogolo pawo, iwo anatsinzina zolimba, n'kutulutsa lilime lotchuka lija padzuwa. M'mbali mwake, chakumanzere, munali chilonda chachikulu ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, chokumbika, chofiira mozungulira. Sichinali ngati tija ta zinanazi. Nkhope yanga inalephera kubisa zimene ndinaona.

Pamenepo m'pamene anaulula, akulankhula ndi phiri osati ndi ife. Chilondacho chinali chitakhala nthawi yaitali. Tiyi wotentha anachikulitsa, mchere unachikwiyitsa. Chimene chinawatseka pakamwa chinali mnzawo wa kufakitale, Jemusi, amene ankasuta chingambwe kuyambira ali mnyamata. Nayenso anatuluka chilonda palilime, anakhala nacho miyezi, ndipo atapita kuchipatala anamupeza ndi khansa. Anamudula mbali ya lilime, koma sanakhalitse.

"Ine lilime ndi limene linandichotsa dengu kumsana," anatero a Beniasi. "Linaphunzitsa Felesiya sukulu. Akalidula nditsala ndani? Bola ndipite nalo kumanda lathunthu."

Mayi Esinala anatembenuka. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jekete lawo la kutchalitchi ndi buku la kuchipatala, n'kundipatsa ine zonse ziwiri.

Tinakwera minibasi mpaka kuboma. Njira yonse a Beniasi sanalankhule, ndipo kondakitala amene ankawadziwa anandifunsa monong'ona ngati kunyumba kwagwa zovuta. Kuchipatala anatitumiza kwa adokotala a mano, mayi wachitsikana wolankhula mosapsatira. Anaunika, anagwira m'khosi, kenako analowetsa chala chovala gulovu n'kuyendetsa m'mano a mkati.

"Agogo, dzino ili linathyoka liti?"

A Beniasi anakumbukira kuti linabenthuka akutafuna chimanga chokazinga, koma poti silinkawawa analisiya. Adokotala anati m'mphepete mwake munali mwakuthwa ngati botolo losweka, ndipo lilime linkadzicheka pamenepo nthawi iliyonse akalankhula kapena kumeza. Kenako anafunsa kuti chilondacho chatha masiku angati. A Beniasi anati masiku angapo. Ine ndinapereka uthenga umene apongozi aakazi anandituma, kuti ulemu wa bambowa unayamba masabata asanu apitawo.

"Masabata asanu?" Adokotala anavula gulovu. "Agogo, tizilonda wamba ta m'kamwa timapola tokha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Chilonda chikadutsa masabata atatu si choyang'anira kunyumba. Dzinoli ndichotsa lero, ndipo tiyeza magazi. Mubwerenso pakatha masabata awiri. Chikakhala chisanapole tidzatengako kachidutswa kakang'ono kuti tikapime. Ndipo tiyi wotenthayo ndi mchere wamiyalawo musiye lero lomwe."

"Nanga lilime?"

"Lilime mubwerera nalo kwanu."

Anawauza kuti azichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda osungunuliramo theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu, n'kulavula, kangapo patsiku. Azidya zofewa ndi zozizira bwino, tsabola ndi zowawasa ayambe apuma. Potuluka, thonje lili m'kamwa, a Beniasi anandigwira dzanja. Kanali koyamba chikwatirireni mwana wawo.

Titafika kunyumba anatola khala pambaula n'kupita pakhoma la pakhonde. Manyazi olephera kuyankha funso la adokotala anawawawa kuposa dzino. Analemba timizere ta masiku onse a masabata asanu aja, kenako m'mawa uliwonse ankawonjezera kamodzi. Dzino linali litachoka, koma palibe amene ankadziwa ngati dzinolo linali mlandu wonse. Mayi Esinala ankaphika phala n'kuliziziritsa pomapungulira m'mbale ziwiri, ndipo kwa nthawi yoyamba sanapite kumsika ngakhale zinanazi zinkapsera m'munda. Ine ndinakhala woyang'anira lilime. M'mawa uliwonse ndinkagwada, iwo n'kutsinzina, ine n'kunena zimene ndaona. Tsiku lachinayi kufiira kunachepa. Lachisanu ndi chiwiri chilonda chinayamba kufota.

Tsiku lakhumi ndi limodzi Felesiya anabweretsa tiyi woti wazizira pang'ono. A Beniasi anayang'ana kapuyo nthawi yaitali, kenako anapempha supuni. Anatunga, anakoka ndi phokoso lija, nkhuku zinadzutsa mitu. Anayendetsa m'kamwa, kumanja, kumanzere, n'kulavulira pamaluwa.

"Felesiya, madzi awa watungira mundowa yochapira. Mwana wa Beniasi angachite zimenezi?"

Mayi Esinala anaimba nthungululu mpaka anthu oyandikana nawo anathamanga kudzafunsa kuti wabadwa ndani. Felesiya ankalira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo anavomera kuti ndowayo inalidi yochapira. Sindinaonepo banja likusangalala chotero chifukwa chonyozedwa. Titabwerera kuchipatala adokotala anapeza pachilonda paja pali kachipsera chabe, magazi ali bwino, ndipo anatiuza kuti tizipita.

Munthu wina akanafufuta mizereyo n'kuiwala. A Beniasi anaisandutsa ntchito yawo yachiwiri. Anawerenga timizere makumi awiri ndi kamodzi kuchokera pakona, masabata atatu aja a adokotala, n'kujambula mzere woyera wa laimu wotsika kuchokera kudenga mpaka pansi. Umenewo anautcha malire. Aliyense wa m'mudzimo wodandaula m'kamwa ankabwera m'mawa dzuwa likawala. Iwo sankagwira munthu. Ankamuuza kuti akoke mlomo wake yekha, n'kusuzumira, n'kufunsa ngati wadziluma, ngati pali dzino lakuthwa, ngati wadya zinanazi za mayi ena ake amene sakuwatchula dzina. Kenako ankapereka malangizo a adokotala aja ngati anawapeka okha, n'kumutsegulira munthuyo mzere wake pakhoma. Tsiku lililonse wodwalayo ankayenera kudutsa kudzanena za chilonda chake kuti kamzere kawonjezedwe. Ndikukhulupirira kuti theka la cholinga chawo linali kupeza ocheza nawo.

Ambiri mizere yawo inkathera pa masiku asanu ndi awiri kapena khumi, ndipo a Beniasi ankaitseka ndi kamtanda. Wofika pamalire sankakambirana naye, ankangomufunsa ngati apita yekha kapena aperekezedwe ndi mkamwini. Ena sankawadikiritsa n'komwe. Mwana wotentha thupi amene akukana kuyamwa kapena kumwa ankamutumiza tsiku lomwelo. Panalinso bambo wina wonyamula katundu wa alendo ku Likhubula, amene mzere wake unkatsekedwa n'kutsegulidwanso mwezi ndi mwezi, thupi likuchepa. A Beniasi anamuitanira kuseri n'kumuuza kuti zilonda zobwerabwera chonchi nthawi zina zimanena za m'magazi, osati za m'kamwa. Anapita. Zimene anamupeza n'zake, ife sitinafunse, koma mpaka lero akukwerabe phiri ndi katundu pamutu.

Anthu ena ankaopa kumwera kapu imodzi ndi munthu wa zilonda. A Beniasi anali atafunsa kale kuchipatala, ndipo ankati matuza otuluka kunja pamlomo ndiwo opatsirana, koma tizilonda ta mkati iti ayi. Wodwala ankamupatsa tiyi wozizira bwino m'kapu ya pakhomopo ngati mlendo wina aliyense, ndipo chigamulo cha tiyiyo ankamupatsanso chaulere.

Mkangano wa zinanazi sunathe, unangosintha nyimbo. Iwo anavomera kuti chinanazi si mfiti, chimangopsereza pamene pali kale bala. Mayi Esinala anavomera kuti aziwadulira kagawo kamodzi kakupsa bwino, osati chonse. Aliyense ankauza anthu kuti wapambana ndi iyeyo.

Nanenso ndili ndi mzere wanga pakhomapo, wa masiku asanu ndi limodzi, chapansi pafupi ndi zenera. Ndinadziluma tsaya ndikudya nzimbe, ndipo ndinayesa kubisa. A Beniasi anandigwira pa kalankhulidwe. Ndinagwada monga kale, koma tsopano wotsinzina ndinali ine.

"Tabwezerana, akamwini," anatero. "Tsopano palibe wodziwa za mnzake kuposa wina."

Anamwalira chaka chatha ndi matenda a ukalamba, lilime lawo lili lathunthu monga ankafunira. Masana a tsiku lomaliza Felesiya anawatengera tiyi mufulasiki kuchipatala. Sankathanso kudzuka, ndiye anawanyowetsa milomo ndi supuni. Anatsinzina, tonse tikuganiza kuti agona. Kenako anatsegula diso limodzi n'kunena kuti mufulasikimo munali phala dzulo. Munalidi phala.

Chiliza tinachionetsa Lamulungu, anthu anadya n'kubalalika. Madzulo dzuwa lisanalowe tinatsala apabanja pakhonde, ndipo mayi Esinala anatiphikira tiyi. Mlamu wanga wina anamwa n'kunena kuti tiyi wake ndi wabwino kwambiri.

"Chaka chathunthu aliyense akungoti wabwino," anatero mayi Esinala. "Dzana ndinaiwala kutsuka ketulo, munati wabwino. Panopa sindidziwanso ngati ndimatha kuphika."

Tinaseka pang'ono. Nyumba yonse tsopano yayera mbee, kupatula khoma limodzi lija. Mpando wansungwi uli pomwepo, miyendo yake inakumba timaenje m'dothi. Maluwa aja akula mopanda wowalavulira. Pazenera pali khala lotha mbali imodzi, ndi supuni imene palibe amene amaigwiritsa ntchito. Pakhomapo mizere ya anthu a m'mudzi muno yandandalika, yaifupi ndi yaitaliko, pafupifupi yonse yotsekedwa ndi kamtanda isanafike pamalire oyera. Umodzi wokha, wapamwamba penipeni, ndi umene unadumpha malirewo n'kupitirira mpaka pafupi ndi chitseko. Umenewo ndi wa mwini khonde, ndipo atachoka alendo ndinaona mayi Esinala akuudutsitsa chala pang'onopang'ono, kuyambira pakona mpaka pakamtanda.